Nyimbo za m'makope ndi pulogalamu yozilembera

Ife amene timaphunzitsa za ziyankhulo tinazolowera kukayikira zolembedwa. Ophunzira athu timawauza kuyambira tsiku loyamba kuti chiyankhulo chimakhala m'kamwa ndi m'khutu, ndipo kuti zilembo zimangobwera pambuyo, zikutola zina ndi kusiya zina. Chichewa chimatipatsa chitsanzo chapafupi: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba mofanana, chonsecho pakamwa n'zosiyana chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kalembedwe kalikonse kamasankha choti kasunge ndi choti kataye, ndipo wosankha kalembedwe amakhala atasankhanso anthu amene adzatha kuwerenga. Mfundo imeneyi ndakhala ndikuiphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo ndinakumana nayo kunja kwa kalasi pamene gulu la anthu odzipereka ku Zandspruit linandipempha kuti ndilithandize kusankha pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo za kwaya.

Zandspruit ndi dera la nyumba za malata ndi timisewu tothina kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, pafupi ndi Honeydew, m'mbali mwa msewu wa Beyers Naudé. Kumakhala anthu ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za South Africa komanso m'mayiko oyandikana nawo, ndipo pakati pawo pali Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'minda ya maluwa, za m'nyumba, za ulonda ndi zomangamanga. Njira ya ku Joni si yachilendo kwa ife. Agogo athu anaiyenda pa Wenela mpaka 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu ntchito yotereyi. Kenaka ena anaiyendanso pa Teba, ndipo lero ana awo amaiyenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Paliponse pamene Amalawi afika, mpingo suchedwa kubadwa, ndipo mpingo ukabadwa kwaya imatsatira. Kwaya imene ndikunenayi imaimba nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu, koma ilinso ndi nyimbo zake zimene sizipezeka m'buku lililonse: zopekedwa konkuno ndi anthu a mumpingomo, ena mwa iwo anabwerera kumudzi, ena anatisiya. Nyimbo zimenezi zinali m'makope anayi a aphunzitsi a kwaya, bambo wachikulire amene anali atalengeza kuti akufuna kukapumira kwawo ku Malawi. Kope ndi chinthu chosalimba m'dera ngati limeneli. Moto wa kandulo kapena wa parafini umatha kunyeketsa nyumba zambiri usiku umodzi, mvula imalowa m'malata, ndipo achikulire amakumbukira October 2001, pamene nyumba za anthu ochokera ku Zimbabwe zinatenthedwa m'dera lomweli. Mlendo amadziwa kuti tsiku lina angachoke mothamanga, wopanda nthawi yosankha katundu.

Makopewo analembedwa m'kalembedwe ka tonic sol-fa, kamene oimba ambiri a kwathu amakadziwa ngakhale sanalowepo m'kalasi ya zoimbaimba. Kalembedwe kameneka kanayambira ku England: Sarah Glover wa ku Norwich ndiye anakonza maziko ake, ndipo John Curwen anakakonzanso ndi kukafalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Amishoni anakabweretsa kuno chifukwa kanali kotsika mtengo. Makina wamba osindikizira mabuku ankatha kukasindikiza popanda zilembo zapadera za nyimbo. Zilembo d, r, m, f, s, l, t zimaimira makwerero asanu ndi awiri a liwu, madontho awiri amalekanitsa kugunda kwina ndi kunzake, dontho limodzi limadula kugunda pakati, ndipo kamzere kogona kamauza woimba kuti apitirize kukoka liwu. Ku Lovedale, John Knox Bokwe anasindikiza nyimbo zake m'kalembedwe kameneka mu 1885, ndipo Enoch Sontonga, mphunzitsi wa mu Johannesburg momuno, anakagwiritsa ntchito polemba Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897. Sukulu za mishoni za ku Blantyre, Livingstonia ndi Nkhoma zinaphunzitsa makolo athu kuimba mwa njira yomweyi. Choncho sol-fa, ngakhale inabwera ndi alendo, inakhazikika n'kukhala cholembera cha eni dziko, monga mmene zilembo za Chiroma zinakhalira zathu.

Wina angafunse kuti bwanji osangojambula makopewo pa foni n'kumaliza nkhani. Tinajambuladi, ndipo imeneyo inali ntchito yoyamba. Koma chithunzi cha tsamba lofufutika sichingakonzedwe, ndipo sichithandiza mnyamata woimba kiyibodi amene anaphunzira manoti a pa mizere isanu. Kwaya ikaitanidwa kukaimba pamodzi ndi makwaya a mipingo ina ya mumzindawu, otsogolera ena amapempha nyimbo zolembedwa pa mizere. Palinso phindu lina: pulogalamu yolembera nyimbo imatha kuimba zimene mwalemba, moti cholakwa cha dzanja chimamveka nthawi yomweyo. Ntchito yotere inachitikapo kale m'chigawo chathu chino. Christine Lucia anasamutsa nyimbo za Joshua Pulumo Mohapeloa wa ku Lesotho kuchoka mu sol-fa kupita pa mizere isanu, ndipo kudzera mu African Composers Edition zinafika kwa oimba amene sakanatha kuziwerenga kale. Ife tinalibe ndalama za kafukufuku kapena ofesi. Tinali anthu asanu ndi awiri, malaputopu atatu, awiri mwa iwo akale ndithu, ndi madzulo a Loweruka.

Mnyamata woimba kiyibodi uja, amene amaphunzira zoimbaimba pa koleji ina, anafuna Sibelius, chifukwa ndi imene aphunzitsi ake amagwiritsa ntchito, ndipo ananena zoona kuti masamba ake amatuluka okongola. Mkulu wina wa mpingo anali ndi Finale pa laputopu yake, yomwe anaigula kalekale. Koma nkhani ya Finale inali itadziweruza yokha. Mu August 2024 kampani ya MakeMusic inalengeza kuti yasiya kukonza ndi kugulitsa pulogalamuyi, imene inakhalapo kuyambira 1988, ndipo inalangiza makasitomala ake kuti asamukire ku Dorico. Anthu amene anasunga nyimbo zawo kwa zaka makumi atatu m'mafayilo a Finale anayamba kuthamanga kuzitulutsa asanafike poti kompyuta yatsopano ikane kuzitsegula. Mbiri ya Dorico nayonso ili ndi phunziro lomweli. Sibelius inapangidwa ndi abale awiri, Ben ndi Jonathan Finn, inagulidwa ndi kampani ya Avid mu 2006, ndipo mu 2012 Avid inatseka ofesi ya ku London kumene kunali akatswiri oikonza. Akatswiriwo analembedwa ntchito ndi Steinberg, ndipo ndi amene anatulutsa Dorico mu 2016. Sindikunena izi ponyoza makampaniwa. Amapanga zida zabwino ndipo ali ndi ufulu wochita malonda awo. Ndikunena kuti tsogolo la pulogalamu yogula limagamulidwa m'zipinda zimene woimba wa ku Zandspruit sadzalowamo, ndipo mayi wotsuka zovala za eni ake sangalonjeze kulipira mwezi ndi mwezi kuti apitirize kukonza nyimbo za mpingo wake. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Mtima wanga unali pa LilyPond. Pulogalamu imeneyi, yomwe Han-Wen Nienhuys ndi Jan Nieuwenhuizen anaiyamba mu 1996, ndi yaulere, ndipo munthu salemba pokoka manoti ndi dzanja pa sikirini: amalemba zilembo ndi manambala m'fayilo wamba, kenaka pulogalamu imasandutsa zimenezo kukhala tsamba la nyimbo. Kwa munthu wozolowera kulemba katchulidwe ka mawu ndi zizindikiro, njira imeneyi ndi yokoma, ndipo fayilo yake ndi yopepuka, yotha kuwerengedwa ndi maso ngakhale pulogalamuyo itasowa. Gulu la Mutopia lakhala likulemba nyimbo zakale mwa njira imeneyi ndi anthu odzipereka a m'mayiko ambiri. Koma pa anthu asanu ndi awiri, ndine ndekha amene ndikanatha kuigwiritsa ntchito popanda maphunziro a miyezi ingapo, ndipo kutulutsa nyimbo mu LilyPond kupita ku mapulogalamu ena sikophweka. Ntchito ya gulu imene munthu mmodzi yekha angaigwire imaima tsiku limene munthuyo wadwala kapena wasamuka. Ine sindikhala ku Zandspruit, ndimangopitako.

Tinatsala ndi MuseScore, imene kuyambira 2024 imatchedwa MuseScore Studio. Anaiyamba Werner Schweer wa ku Germany, ndi yaulere, ndipo malamulo a kapangidwe kake ndi otseguka kwa aliyense, kotero kuti ngakhale kampani ya Muse Group imene ikuiyang'anira itasintha maganizo, zimene zinatulutsidwa kale sizingalandidwe. Gulu la OpenScore, limene linayamba mu 2017, linasonyeza kuti anthu odzipereka ambiri angalembe nayo nyimbo mazanamazana mwa dongosolo limodzi. Ili ndi zovuta zake, ndipo tinazilemba poyera tisanagamule. Fayilo yosungidwa mu MuseScore 4, imene inatuluka mu December 2022, singatsegulidwe mu MuseScore 3, choncho tonse tinayenera kugwiritsa ntchito mtundu umodzi, ndipo laputopu yofooka kwambiri ndiyo inatiuza mtundu wake. Pulogalamu yolembera imafuna kompyuta. Pa foni munthu angathe kuona ndi kumvetsera koma osati kulemba. Ndipo chachikulu n'chakuti MuseScore, monga anzake onse, inamangidwa pa maziko a mizere isanu. Sol-fa imalowamo ngati mlendo, kudzera m'timapulogalamu towonjezera kapena polemba zilembo pamwamba pa manoti ndi dzanja.

Apa ndi pamene mayi wina wa chigwirizano cha amayi, woimba aluto, anafunsa funso limene linasintha ntchito yonse. Anati: "Aphunzitsi, mutikhululukire ife osaphunzira. Mukamaliza kulemba timadonthoti pamizerepo, ine ndikaona kuti aluto yalakwika, ndidzaloza pati?" Pa oimba onse a kwayayo, owerenga mizere isanu anali awiri okha, pamene sol-fa ankaiwerenga pafupifupi onse. Tikanaika nyimbo pa mizere pokha, tikanazichotsa m'manja mwa eni ake n'kuziika m'manja mwa anthu awiri, ndipo oimba amene akhala akuziimba kwa zaka khumi akanasanduka alendo pa tsamba la nyimbo zawo zomwe.

Choncho tinagwirizana kuti kope lenileni la nyimbo iliyonse likhale la sol-fa, lolembedwa m'fayilo wamba ya zilembo imene foni iliyonse ingatsegule ndi kutumiza pa WhatsApp popanda kudya data yambiri. Aliyense angalilembe, aliyense angalikonze. Kuchokera pamenepo awiri aja amaika nyimboyo mu MuseScore, mizere inayi ya sopulano, aluto, tena ndi besi, ndi zilembo za sol-fa pamwamba pa mzere uliwonse. Pulogalamu ikaimba, aphunzitsi a kwaya amamvetsera ndi kuvomereza kapena kukana. Wolemba nyimbo sakhala yemweyo woiwerenganso. Pomaliza nyimbo iliyonse imasungidwa m'njira zinayi: sol-fa, fayilo ya MuseScore, PDF yosindikiza, ndi MusicXML. Yotsirizayi ndi njira imene Michael Good anaikonza kuti mapulogalamu osiyanasiyana azitha kupatsirana nyimbo, ndipo kuyambira 2015 ili m'manja mwa gulu la pansi pa W3C, osati kampani imodzi. Ndi imene inapulumutsa ambiri a Finale. Mnyamata wa Sibelius uja sanataye kanthu: amatsegula MusicXML ku koleji kwake n'kukongoletsa tsamba mmene akufunira.

Ntchito itayamba, mafunso a chiyankhulo anatulukira pa mzere uliwonse, chifukwa pulogalamu imafuna kuti phatikizo lililonse likhale pansi pa noti yake, ndipo silola kuzengereza kumene dzanja limalola m'kope. Taganizirani mawu awiri awa: mbale yodyera ndi m'bale wobadwa naye. Loyamba lili ndi maphatikizo awiri, lachiwiri atatu, chifukwa m woyambayo amaima payekha. Chimodzimodzinso mtima, mlendo ndi Mlengi: pa kafukufuku wa katchulidwe m ameneyu ndi phatikizo lathunthu, koma oimba nthawi zina amamupatsa noti yake, nthawi zina amamumeza pamodzi ndi phatikizo lotsatira, malinga ndi mmene nyimbo ikuyendera. M'kope la aphunzitsi mawu analembedwa pansi pa sol-fa mosayeza, ndipo aliyense ankadziwa ndi khutu pamene agwere. Pa kompyuta tinayenera kugamula, ndipo lamulo lathu linali lakuti tilembe zimene kwaya imaimba, osati zimene buku la galamala likunena. Ine ndi amene ndinapempha lamulo limeneli, podziwa kuti m'gululo mawu anga akanalemera kuposa muyeso wake chifukwa cha digiri.

Panalinso tizizindikiro ting'onoting'ono timene munthu wosadziwa Chichewa angatione ngati fumbi pa tsamba. Kachizindikiro ka mu ng' kakasowa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya m'tchire. Tinagwirizana kuti ng' asadulidwe pakati pogawa maphatikizo, ndiponso kuti tonse tizilemba kachizindikiroko mwa njira imodzi, chifukwa foni ina imakapinda, ina imakaimika, ndipo pofufuza mawu kompyuta imaona ngati ndi zilembo ziwiri zosiyana. Chilembo cha ŵ, chimene malamulo a kalembedwe ka Chichewa akhala akuchilowetsa ndi kuchitulutsa, chinapezeka m'makope akale koma osati m'atsopano. Tinachisiya paliponse pamene wopeka anachilemba, titayesa kaye kuti mtundu wa zilembo umene tinasankha uli nacho ndipo sichisanduka kabokosi posindikiza.

Ntchitoyi inandionetsanso bwino kusiyana kwa nyimbo zomasuliridwa ndi zopekedwa m'Chichewa. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, pamene nyimbo zambiri za Chingerezi zimatsindika phatikizo lotsiriza la mzere. Omasulira akale analimbana ndi vuto limeneli podula mavawelo ndi kupinda mawu kuti akwane m'chikombole cha eni ake, ndipo ife tinakula tikuimba mawu otsindikidwa pamene pakamwa sititsindika. M'nyimbo za m'makope aja zinthu n'zosiyana: noti yaitali imagwera pa phatikizo limene wolankhula amakoka, ndipo kawirikawiri liwu limatsika kumapeto kwa mzere monga limatsikira polankhula. Opeka ake sanawerengepo Sam Mchombo kapena Al Mtenje, koma khutu lawo linatsata malamulo omwewo amene akatswiriwa anawafotokoza. Ophunzira ofuna mutu wa kafukufuku angapeze zambiri pamenepa, ndipo MusicXML imalola kuwerengetsa zinthu zotere ndi kompyuta, zimene chithunzi cha kope sichingalole.

Vuto lovuta koposa linali la kusiyana kwa kaimbidwe. Nyimbo imodzi inapezeka m'makope awiri ndi besi yosiyana. Ina, oimba ochokera kuchigawo chapakati amaimaliza mokwera, ochokera kumwera motsika, ndipo akaimba pamodzi khutu silidandaula. Tsamba losindikizidwa bwino lili ndi mphamvu imene kope la pamanja lilibe: anthu amalikhulupirira, ndipo mwana wobwera mawa adzati zimene sizili patsambalo n'zolakwa. Ife a Chichewa tikudziwa mmene zimenezi zimayendera. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndi Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, kalankhulidwe ka dera limodzi kanakwezedwa kukhala muyeso, ndipo Amang'anja ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja anayamba kumva kuti mawu a amayi awo ndi olakwika. Muyeso unathandiza sukulu ndi osindikiza mabuku, koma unali ndi mtengo wake. Pofuna kupewa zomwezo pa nyimbo, tinagwirizana kuti pamene pali njira ziwiri, zonse zilembedwe, ina pa mzere, ina m'munsi mwa tsamba, ndi mawu ofotokoza amene amaimba motero. Aphunzitsi a kwaya anafunsidwa kuti yoona ndi iti, ndipo anayankha kuti: "Zonse n'zoona, ana anga. Ine ndinalemba imene ndinamva tsiku limenelo."

Pali zina zimene ngakhale sol-fa kapena mizere isanu sizingagwire: kutsetsereka kwa liwu la mtsogoleri asanafike pa noti, kulowerera kwa amayi kumbuyo kwa mzere, nthungululu, kuwomba m'manja kumene kumapingasa kugunda kwa nyimbo. Pulogalamu ikaimba nyimbo zathu imaimba molunjika ngati wotchi, ndipo oimba amaseka. Pa chifukwa chimenechi nyimbo iliyonse ili ndi fayilo yachisanu, ya mawu ojambulidwa pa foni kwaya ikuimba, ndipo patsamba tinalemba kuti pamene tsamba ndi mawu ojambulidwa zasemphana, wophunzira atsate mawu. Tinalembanso dzina la wopeka aliyense amene akudziwika, ndipo tinagwirizana kuti nyimbo isaikidwe pa intaneti poyera popanda chilolezo cha mwini wake kapena abale ake. Malamulo a umwini wa zaluso, amene ku Malawi amayang'aniridwa ndi COSOMA, amateteza wopeka wa m'nyumba ya malata mofanana ndi wa mu situdiyo, ndipo kufunira nyimbo zabwino sikutipatsa ufulu woigawa.

Anzanga a m'mayunivesite a chigawo chino amene ali ndi ntchito zofanana ndi imeneyi, kaya ndi ya nyimbo, nthano kapena mtanthauziramawu, kawirikawiri amayamba ndi kufunsa kuti pulogalamu yabwino koposa ndi iti. Pa kukongola kwa tsamba, mwina Dorico kapena LilyPond zikanapambana. Mafunso amene anatithandiza ife anali ena: kodi wosauka koposa m'gululi angatsegule ntchitoyi ndi chida chimene ali nacho kale? Kodi mwini nyimbo angaloze cholakwa ndi kuchikonza popanda kudzera kwa katswiri? Kodi kampani ikatseka mawa, ntchito yathu ingatuluke m'pulogalamuyo yathunthu? MuseScore tinaisankha chifukwa inayankha bwino mafunso amenewa m'chaka chimene tinkasankha, ndipo tikudziwa kuti nayonso tsiku lina idzasinthidwa kapena kusiyidwa. Tsiku limenelo likadzafika, mafayilo a sol-fa adzakhala akadali m'mafoni a oimba, ku Zandspruit ndi kumidzi kumene ena adzakhale atabwerera, ndipo aliyense wodziwa d, r, m adzatha kuyambiranso pomwepo.